Chakudya chatsika kapena ndi kuchedwa chabe? Za lesitilanti ya Afilipino ya kumwera kwa Manchester

Namwino wa Usiku:
Abale ndi alongo a pagulu lino, ndikupempha maganizo anu pa nkhani ya lesitilanti yaing'ono ya Afilipino imene ili pafupi ndi siteji ya basi kuno kumwera kwa Manchester, kumene ambiri a ife timagula chakudya chonyamula tikamapita kapena tikamachokera kuntchito. Dzina lake sinditchula, chifukwa amene mumagulako mukuidziwa kale, ndipo cholinga changa si kugwetsa bizinesi ya munthu. Ndinayamba kugulako chifukwa anzanga a kuwodi, amene ambiri ndi ochokera ku Philippines, ankaitama kwambiri, ndipo poyamba ndinkagwirizana nawo. Koma miyezi yapitayi zinthu zasintha. Ukaimba foni amakuuza kuti ubwere pakatha mphindi 20, koma ukafika umapeza kuti oda yako sanaiyambe n'komwe, ndipo umaima pakauntala pafupifupi ola lathunthu. Komanso nyama yankhumba yokazinga ija amaitcha lechon kawali, imene ubwino wake wonse wagona pa chikopa chouma chokukutika, masiku ano ndikatsegula kontena ndimapeza chikopacho chitafewa n'kumatamuka ngati mphira moti mano sachidula, mafuta atadikha pansi. Kodi ndi ine ndekha amene ndikuona zimenezi?

Bambo a Mapasa:
Achemwali, simuli nokha. Ine ndimapitako Loweruka madzulo ndikaweruka, ndipo chimene chimandipweteka kwambiri si kudikirako, koma kunamizidwa pa nthawi. Atandiuza pafoni kuti khitchini yadzaza ndipo chakudya chipsa pakatha ola limodzi, ndikhoza kusankha ndekha kudikira kapena kukaphika nsima kunyumba. Koma iwo amanena mphindi 20 kwa aliyense woimba foni, kaya m'sitolo muli anthu awiri kaya mzere wafika panja. Tsiku lina ndinakhala pa kampando kaja ka pafupi ndi firiji ya zakumwa, n'kumaona anyamata a njinga obweretsa chakudya m'makomo akulowa ndi zikwama zawo zazikulu, kuonetsa nambala pafoni, kulandira phukusi n'kutuluka, pamene ife amene tinabwera ndi miyendo yathu tinkangoyang'anana. Mtsikana wa pakauntala ndi waulemu, sindikana, koma yankho lake ndi limodzi lokha, lakuti kwatsala pang'ono.

Mayi a ku Ntcheu:
Madandaulo anu ndawamva, koma ndikupempha kuti tisiyanitse zakudya za pamalopo, chifukwa si zonse zimene zatsika. Adobo wawo akadali wabwino monga kale. Kwa amene simunalawepo, imeneyi ndi nkhuku kapena nkhumba yophikidwa pamoto wochepa mu viniga, sosi wa soya, adyo wambiri, masamba a bay ndi njere za tsabola wakuda, mpaka msuzi utaphwera n'kumatirira kunyama. Chakudya chimenechi sichiopa kudikira, ndipo chikagona m'firiji chimakoma kwambiri mawa lake chifukwa viniga ndi adyo zimakhala zitalowerera. N'chimodzimodzinso kare-kare, mchira wa ng'ombe wophikidwa mu msuzi wa mtedza, umene munthu wokula akudya nkhwani wotendera saudabwa pakamwa, kungoti iwo amathiramo mpunga wokazinga wosinja kuti msuzi ulimbe, ndipo amadyera limodzi ndi bagoong, phala lija la ma shrimp lamchere kwambiri. Mchira wa ng'ombe umatenga maola angapo kuti ufewe, choncho amauphika m'mawa, ndipo ine ndikagula zimenezi amangopakula, sindichedwa ayi.

Chimene ndingadandaule ndi sinigang, msuzi wowawasa wa bwemba uja. Ukagula masana masamba ake amakhala akadali obiriwira, koma ikamakwana 7 koloko madzulo therere ndi mabiringanya zimakhala zitasungunukiratu mumphika, ndipo umangolandira madzi owawasa ndi nthiti ziwiri zitatu.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Amayi a ku Ntcheu akhudza pamene pagona vuto lonse. Ine ndinagwirapo ganyu m'khitchini ya malo ena ogulitsa chakudya chonyamula pamene ndinali pasukulu, si a Afilipino, koma kayendedwe ka ntchito n'kamodzi. Ku Philippines malo ang'onoang'ono otere ambiri amayendera dongosolo limene amalitcha turo-turo, pamene ndiwo zonse zimaphikidwiratu n'kuikidwa m'mathireyi kuseri kwa galasi, kasitomala amaloza chimene akufuna, amamupakulira pamodzi ndi mpunga, ndipo sipatha mphindi ziwiri asanatuluke. Lesitilanti yathuyi inayamba choncho. Kenako inawonjezera zakudya zoti zikazingidwe pompopompo munthu akaitanitsa, monga lechon kawali, crispy pata (mwendo wa nkhumba wokazinga), lumpia (timipukutu tokazinga tokhala ndi nyama kapena masamba m'kati) ndi nsomba ya bangus, ndipo zonsezi zimadalira chiwaya chimodzi cha mafuta chimene mungachione mutasuzumira pakhomo la kukhitchini.

Lechon kawali ili ndi njira yake imene safuna kuidumpha. Nyamayo imayamba yawiritsidwa, kenako iumitsidwe bwinobwino, makamaka usiku wonse m'firiji, ndiyeno iponyedwe m'mafuta otentha kwambiri kuti chikopa chiphulike matuza. Wophika akapanikizika n'kuponya zidutswa zambiri nthawi imodzi, mafuta amazizira, ndipo nyama m'malo moti iume imayamba kumwa mafutawo. Akaitsekeranso yotentha m'kontena ya pulasitiki, nthunzi imasowa kotulukira n'kubwerera pachikopa, moti achemwali pofika kunyumba amapeza zimene afotokozazo. Ponena za anyamata a njinga, Bambo a Mapasa, chifukwa chake n'chakuti maoda a pa intaneti amalowa pa tabuleti mosalekeza, ndipo mwini malo amaopa kuti akachedwetsa, wogula wa pa intaneti amupatsa nyenyezi zochepa zimene aliyense aziona. Inu amene mwaima pakauntala mumangong'ung'udza n'kupita, palibe pamene zalembedwa.

Agogo a ku Zomba:
Ana anga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinali kale kuno pamene anamwino a ku Philippines anayamba kufika ambiri m'zipatala za boma za NHS cha m'ma 2000, ndipo nthawi imeneyo kuti munthu apeze chakudya cha kwawo chophikaphika ankayenera kupita ku London, ku Earl's Court, kapena kudikira phwando la kutchalitchi. Mayi wa lesitilanti imeneyi anayamba ndi kuphikira anzake m'nyumba mwake, ndipo malo amene mukuwadandaulawa anawapeza ndi thukuta lake. Chakudya chophikidwa ndi manja a munthu mmodzi sichingathamange mofanana ndi cha makampani aakulu amene amangotenthetsa zophikidwa kufakitale. Ine ndikapitako ndimakhala pansi, ndimacheza ndi amene ndawapeza, ndipo tinola, msuzi wawo wa nkhuku wa jinja ndi masamba a chammwamba, ndimaulandira wotentha nthawi zonse.

Namwino wa Usiku:
Agogo, mawu anu ndawalandira ndi manja awiri, ndipo ulemu umene mukupereka kwa mayiyo ndi womuyenera. Koma inu munapuma pantchito ndipo nthawi ndi yanu, pamene ine ndimayenera kukhala nditafika kuwodi nthawi yolandirana shifiti isanakwane, chifukwa mnzanga amene wagwira ntchito maola 12 sangachoke ndisanafike. Ndikaima pakauntala paja ndimakhala ndikuwerengera basi imene yandidutsa, ndipo kangapo ndatuluka chimanjamanja nditalipira kale pafoni. Makasitomala ambiri a malowa ndi anthu a mashifiti ngati ine, ndiye ngati pali bizinesi imene iyenera kudziwa kufunika kwa mphindi khumi, ndi imeneyi. Sindikupempha kuti aziphika mothamanga. Ndikupempha kuti azinena nthawi yoona.

Mlongo wa ku Nkhotakota:
Ine ndimagwira ntchito m'khitchini ya nyumba yosamalira okalamba, ndiye diso langa limapita pa zina. Lamulo la kuno likuti chakudya chophika chimene chikudikira ogula chizisungidwa pa kutentha kwa madigiri 63 kapena kuposerapo, ndipo chikatsika pamenepo chikhoza kukhala maola awiri okha. Ulendo wina ndinagula adobo cha m'ma 8 koloko madzulo, ndipo thireyi ya kumapeto kwa galasi inali yofunda chabe, mafuta atayamba kugwirana pamwamba. Ndinawauza mwaulemu, ndipo anakanditenthetsera osanyinyirika, koma ndikuganiza kuti chotenthetsera cha mbali imeneyo chinafooka. Chinanso ndi mpunga. Sinangag, mpunga wawo wokazinga ndi adyo, amaupanga ndi mpunga wa dzulo, ndipo ndi mmene umayenera kupangidwira, koma inu mukagula musaugonekenso kuti mudzautenthetse kachiwiri, chifukwa mpunga uli ndi tizilombo timene sitifa ndi kuphika ndipo timachulukana mpunga ukakhalitsa pamtunda.

Amene mukufuna kudziwa za ukhondo wa malowa mukhoza kuona pa tsamba la Food Standards Agency, bungwe la boma loona za chakudya, pamene malo aliwonse odyera amapatsidwa nambala kuyambira 0 mpaka 5 oyendera a khonsolo akafikako. Kuno ku England sakakamizidwa kumata chikwangwanicho pakhomo monga zilili ku Wales ndi ku Northern Ireland. Koma dziwani kuti nambala imeneyo siinena chilichonse pa kakomedwe ka chakudya kapena pa kuchedwa, choncho siyankha funso la achemwali.

Bambo a Mapasa:
Zimene mwanenazi, alongo, zandikumbutsa chinthu chimene chinandikwiyitsa kuposa kudikira. Mmodzi mwa ana anga amatuluka ziwengo zoopsa akadya mtedza, ndipo malo ogulitsa chakudya kuno amalamulidwa kuuza wogula ngati m'chakudya muli chimodzi mwa zinthu 14 zimene zimadwalitsa anthu ena, kuphatikizapo mtedza ndi ma shrimp. Nditafunsa ngati chipande chimene amapakulira adobo sichilowa mu kare-kare, mtsikana uja anali ndi foni kukhutu, tabuleti ikulira, ndipo anangogwedeza mutu osandiyang'ana. Mwanayo sindinamupatse chakudyacho. Ine maganizo anga ndi akuti tonse amene tadandaula pano tilembe ndemanga pa Google tsiku limodzi, chifukwa monga mphwanga wa ku Ndirande wanenera, nyenyezi ndi zokhazo zimene akuziopa.

Woyang'anira Gulu:
Bambo a Mapasa, nkhani ya mwana ndi yaikulu ndipo iyenera kufika kwa mwini malo msanga, koma maganizo oti tilembe ndemanga zoipa mogwirizana sindingawavomereze m'dzina la gulu lino. Aliyense ali ndi ufulu wolemba zimene zinamuchitikira, koma anthu ambiri kulemba tsiku limodzi ndi kupangana chiwembu, ndipo malo aang'ono otere akhoza kutsekedwa nazo. Funso langa ndi lakuti, mwa ife tonse amene talankhula, alipo amene anakhala pansi ndi mayiyo n'kumuuza zimenezi maso ndi maso? Ndikufunsa chifukwa komiti yokonza mwambo wathu wa pa 6 July inali ndi maganizo oti ndiwo zina tidzaitanitse kumeneko, popeza anzathu a ku Philippines a kuntchito tinawaitana ndipo amatiitananso ku maphwando awo. Tifunika kudziwa ngati maganizo amenewo tipitirire nawo.

Namwino wa Usiku:
Funso lanu ndi loyenera. Ndinafunsa anzanga a kuwodi ngati iwo amadandaula, ndipo anaseka n'kunena kuti kuchedwako akukudziwa bwino, koma sangakayambe kudzudzula Tita, monga amamutchulira mayiyo, chifukwa amapemphera naye limodzi ndipo ena ndi amene anawalandira atangofika kumene kuno. Munthu wolakalaka chakudya cha kwawo amapirira zambiri. Pamene Jollibee, kampani ya zakudya ya ku Philippines, inatsegula sitolo yake yoyamba m'dziko lino ku Earl's Court mu 2018, anthu anaima pamzere maola ambirimbiri pofuna nkhuku yokazinga basi. Ifenso sitisiyana nawo, chifukwa mnzathu akatigulitsa chambo chokhalitsa m'firiji timakadandaulira kumbali, kwa iye n'kumati zikomo kwambiri. Mwina mayiyo sadziwa n'komwe kuti zafika pamenepa.

Achimwene a ku Mangochi:
Pa nkhani ya 6 July ndikupempha komiti ikumbukire kuti pagulu lino tilipo Asilamu, aliponso a Seventh Day, ndipo zakudya zambiri za malowa ndi za nkhumba, monga zilili m'madera ambiri a dziko lawo kumene anthu ochuluka ndi Akatolika. Ine ndinkagulako bangus yokazinga ndi pancit (manudozi okazinga) ya masamba okhaokha, koma mphwanga wa ku Ndirande atanena kuti chiwaya ndi chimodzi, ndazindikira kuti nsomba yanga imalowa m'mafuta omwewo amene mwatuluka crispy pata. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa sanalembepo pena paliponse kuti chakudya chawo ndi halal. Koma ngati tiitanitsa, pakhale nkhuku ndi ng'ombe zophikidwa m'miphika yakeyake, ndipo nyamayo tikagule tokha ku butchala ya halal, apo ayi ena a ife tidzangodya nsima ndi masamba.

Kalaliki wa ku Stockport:
Ine ndimathandiza mabizinesi ang'onoang'ono kulemba mabuku a ndalama, ngakhale a lesitilanti imeneyi sindinawaonepo, ndiye ndingofotokoza chifukwa chake malo otere salemba wophika wachiwiri ngakhale aliyense akuona kuti akufunika. Mu April 2025 malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo anakwera kufika pa £12.21 pa ola, ndipo gawo la msonkho wa National Insurance limene wolemba ntchito amalipira linafika pa 15 peresenti. Bizinesi imene malonda ake apitirira £90,000 pachaka iyenera kulembetsa msonkho wa VAT, ndipo chakudya chotentha chonyamula chimalipiritsidwa 20 peresenti. Pamwamba pa zimenezo makampani obweretsa chakudya amadula gawo lawo pa oda iliyonse, lendi ndi gasi zikudikira, ndipo zinthu ngati bagoong, calamansi (timandimu ting'onoting'ono) ndi ube (chilazi chofiirira) n'zochokera kunja. Mwini malo akawerengera zonsezi amasankha kuima yekha pamoto, mwana wa mchemwali wake pakauntala, n'kumalandira oda iliyonse imene yalowa chifukwa kuikana kumaoneka ngati kutaya ndalama. Sindikunena kuti akuchita bwino. Malo amene amachepetsa mndandanda wa zakudya ndi kuzimitsa tabuleti kwa kanthawi khitchini ikadzaza ndi amene ndimawaona akukhalitsa.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Pa mndandanda umene achimwene a ku Stockport akunena, chakudya choyamba chimene ine ndingachichotse pa zonyamula ndi sisig. Chimenechi ndi nyama ya kumutu kwa nkhumba, makutu ndi masaya, yowiritsidwa, kuwotchedwa, n'kuduladula timizidutswa ting'onoting'ono pamodzi ndi anyezi, tsabola ndi madzi a calamansi. Chinatchuka ku Angeles m'chigawo cha Pampanga, kumene mayi Lucia Cunanan ankachigulitsa m'zaka za m'ma 1970, ndipo chimayenera kufika pamaso pa munthu chili pa mbale yachitsulo yotentha, chikulira. Chikaikidwa m'kontena n'kuyenda mphindi khumi, mafuta amagwirana ndipo chimene chatsala ndi dzina chabe. Kukonza kwake kumadyanso nthawi ya wophika pamene mzere ukudikira. Amene mukufunabe zokazinga, pemphani kuti asatseke chivindikiro kapena akuikireni m'pepala, ndipo mukafika kunyumba muziike mu uvuni wotentha kwa mphindi zochepa, osati mu maikulowevu.

Mayi a ku Ntcheu:
Woyang'anira atafunsa funso lija ndinaona kuti ine ndi amene ndimadziwana ndi mayiyo kwambiri, choncho ndinapitako masana nthawi imene kulibe anthu, ndipo tinakhala pa tebulo limodzi lija la pakona iye akukulunga lumpia. Ndinamuuza zonse, osatchula dzina la aliyense. Za kuchedwa sanakane. Anandiuza kuti wophika amene ankamuthandiza anapeza ntchito ina, amuna ake amagwira ntchito usiku, ndipo kuyambira pamenepo moto wonse uli m'manja mwake. Za mphindi 20 anati ndi iyeyo amene anauza mtsikanayo kuti azinena choncho, poopa kuti akanena ola anthu aziika foni pansi. Ndinamuuza kuti amene waika foni pansi amabweranso mawa, koma amene waima ola lathunthu sabweranso, ndipo anakhala chete kanthawi akupitiriza kukulunga.

Nkhani ya mwana wa Bambo a Mapasa ndi imene inamukhudza kwambiri, moti anaitana mtsikanayo nthawi yomweyo n'kumulankhula m'chinenero chawo, ndipo anandionetsa kuti kare-kare ili ndi chipande chakechake chofiira, ngakhale anavomera kuti madzulo zinthu zimasokonekera. Za thireyi yofunda anati waitana kale wokonza. Kuzimitsa tabuleti anakanitsitsa, akuti malonda ake ambiri a pakati pa sabata amachokera kumeneko. Chimene anavomera ndi chakuti amene atumiza uthenga pa WhatsApp usiku wa dzulo lake, kapena m'mawa isanakwane 11 koloko, chakudya chake chizikhala chokonzeka pa nthawi imene wanena. Za 6 July anati adobo wa nkhuku, kare-kare ndi pancit akhoza kuphika m'miphika yapadera ndi nyama imene tingamubweretsere, koma zokazinga za anthu ambiri sangalonjeze.

Namwino wa Usiku:
Zikomo kwambiri, amayi, chifukwa mwatiyendera tonse. Njira ya uthenga ndiiyesa sabata ino pa adobo ndi mpunga, zokazingazo ndiyamba ndazisiya. Chimene ndikufuna kuona ndi ngati mtsikana uja asinthedi yankho lake pafoni, chifukwa munthu wongodutsa amene sali pagulu lino sadziwa za dongosolo la uthengali.

Bambo a Mapasa:
Ndemanga yanga pa Google ndiyamba ndaiimika, koma sindinaifufute m'mutu. Kukana kuzimitsa tabuleti kukutanthauza kuti Loweruka madzulo zinthu zikhala chimodzimodzi, ndipo ine sindidziwiratu dzulo lake kuti ndiweruka nthawi yanji. Pa za 6 July sindikutsutsa, malinga komiti ilembe pangano la nthawi yokatenga chakudya, ndipo wokatengayo apite kudakali maola awiri mwambo usanayambe. Kare-kare idzaikidwe pa tebulo lakelake, ndi chipande chake, ndi pepala lolembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi kuti muli mtedza ndi ma shrimp, chifukwa ana akayamba kuthamangathamanga m'holo palibe kholo limene lingawalondole onse.

Woyang'anira Gulu:
Komiti yamva zonsezi. Achimwene a ku Mangochi, mutitumizire mtengo wa nkhuku ndi mchira wa ng'ombe wa ku butchala kwanu pofika Lachisanu, ndipo Mayi a ku Ntcheu mufunse mayiyo kuti nyamayo akuifuna tsiku liti komanso ngati miphika yaikulu ali nayo kapena tibwereke ya kutchalitchi.